Mpeni umene munakana kupeleka

Amai, lelo pamsika wa Nyimba ndamva fungo la luzi laliwisi, ndipo ndakukumbukani. Zinali zaka za chipani chimodzi, atate atangomwalila. Abale awo anatenga njinga ndi makasu, natisiyila nyumba yodontha. Tinali m'thengo kwathu ku Nyalugwe, inu mukusenda luzi lomangila denga ndi kampeni kaja kotchipa, kosapinda, pamene akulu awo a atate anatilondola kudzatenga nakonso.

Simunaleke kusenda. Munangoti, "Alamu, njinga mwakwela kale. Mpeni uwu mudzautenga tsiku limene mudzabwele kudzafolela nyumba ya ana a mng'ono wanu." Anabwelela chimanjamanja. Kwawoko amanenabe mpaka pano kuti munali amwano. Azinena, amai. Mvula ya chaka chimenecho inatipeza tikugona pouma.