Njinga ya Kaboni Imene Ndinabweretsera Apongozi

Ndinaganiza zochoka tsiku limene apongozi anga, a Sakala, anandiyankha za chitengwa. Ndinali nditakhalitsa pachikamwini ku Msoro, kulima thonje la eni, kupirikitsa njovu m'munda wa eni, ndipo ndinatopa nazo. Ndinkafuna kutenga mkazi wanga Esnati, tikakhale kwathu ku Kakumbi. Iwo, atakhala chondifulatira monga amachitira apongozi, anati, "Mkamwini, mundigulire njinga. Mukatero, mwana wangayu mutenge."

Njinga! Chaka cha chilala chija, thonje litapserera m'munda? Ndinakwera lole ya ku Chipata, kenaka Lusaka, mpaka Joni, nditamuuza Esnati kuti ndibwera mvula isanagwe. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, ine osaoneka.

Ntchito ndinaipeza m'sitolo ya njinga zampikisano. Ndinayamba ndi kusesa, kenaka kumanga masipoko. Sabata yoyamba bwana, mzungu wolongolola ngati wailesi, anandiponyera fulemu ya njinga kuti ndiwakhe. Ndinakunga manja kuyembekezera chitsulo, ndipo ndinatsala pang'ono kuiponya kudenga. Inali yopepuka ngati dengu lopanda kanthu.

"Kaboni imeneyo," anatero. "Ulusi wakuda, wolukidwa, womatidwa ndi guluu n'kuumitsidwa mu uvuni. Chitsulo chatha ntchito. Mawa ngakhale mawilo ndi mahandulo adzakhala a zimenezi."

Sanali kunama. Chaka china anthu ankalimbirana njinga za pinki ndi yelo zothobwa m'maso. Chaka chinacho aliyense akufuna yakuda yosapenta, kuti kuluka kwa ulusi kuzioneka. Kunabwera mawilo a masipoko atatu onenepa, kunabwera mafulemu oumbidwa athunthu opanda polumikiza. Munthu ankasiya njinga yabwinobwino chifukwa choti mnzake wagula yatsopano. Poyamba ndinkawaseka, koma posakhalitsa nane zinandilowa m'mutu.

Ndalama zinkathera lendi ndi chakudya. Zotsala ndinkapatsira dalaivala wina wa mathiraki wa ku Chipata, ndipo iye pobwerera ankangoti, "Akazi anu akuti mubwera liti?" Lamlungu linkandiwawa koposa. Popanda woyankhula naye Chikunda, ndinkangozungulira m'misewu mpaka miyendo kuwawa, kenaka n'kukaima pawindo la sitolo yathu yomweyo kuyang'ana njinga. Yachitsulo wamba ndikanaigula chaka choyamba. Koma maso anali atakwera: apongozi anandiyesa wosauka, ndiwapatse chimene chigwa chonse cha Luangwa sichinaonepo.

Mwayi unabwera pamene ina ya pinki inakanika kugulidwa, nyengo yake itapita. Bwana anandipatsa m'malo mwa bonasi. Ndinakangana ndi makondakitala njira yonse, kukana kuti aiponye pamwamba pa basi pamodzi ndi matumba.

Lero ndili ku Kakumbi, ndimakonza njinga za anthu ogwira ntchito m'malo ogona alendo. Thiraki ikadutsa mapazi amandiyabwabe, sindibisa. Koma ndikakumbuka za ku Msoro ndimakhala pansi.

Tsiku limene ndinafika nayo njinga ija ku Msoro, a Sakala anainyamula ndi dzanja limodzi, nkhope n'kugwa. Anaigogoda ndi chala, monga aliyense kwathu amayesera njinga, kumvetsera kulira kwa chitsulo. Inangoti phu, phu.

"Kodi chitsulo chake munachisiya ku Joni?" anafunsa.

Anthu anafa nazo n'kuseka. "Ya pulasitiki!" Ndinakwera kuti ndiwaonetse. Pouma inauluka, eee, mpaka amayi anakuwa. Pamchenga timatayala take topyapyala tinamira, ndipo minga inaboola onse awiri ndisanafike pachigayo. Esnati anaizungulira kamodzi, anatenga ndowa, n'kupita kumjigo. Mtima unandipweteka. Ndinati mkaziyu sakudziwa chimene ndavutikira.

Za chitengwa apongozi sanati inde, sanati ayi. Ndinapita ku Kakumbi kukafolera nyumba, ndili ndi nkhawa ngati mudzalowe munthu. Pobwerera ndinapeza njinga itatsamira mtengo wa mango, kumbuyo kwake kutapsa, ulusi wakuda uli lendelende ngati ndevu za chimanga.

Kwathu njinga ikangofika, imayamba yapita kwa wowotcherera kukaikidwa kaliyala yolimba, yonyamulira thonje, matumba ndi odwala. A Sakala anachita zomwezo. Wowotcherera anaikapo moto ngati pa chitsulo, guluu n'kuyaka.

Ndinakuwa pamaso pa apongozi, chinthu chosachitika. "Mukudziwa chimene mwaotcha? Mukudziwa?"

Mkuluyo anavula chipewa. "Ndalakwa, mkamwini. Njinga munabweretsa, waononga ndine. Mkazi wanu tengani."

Chimene ndinapitira ku Joni ndinapatsidwa pomwepo, koma ukali sunathe. Ndinali kukalipabe pamene Esnati anatuluka m'nyumba n'kuima pakati pathu.

"Musawakalipire atate," anatero. "Ndinawatuma ndine."

"Iwe? Chifukwa chiyani?"

"Munachoka mukuti mukukafuna njinga yoti mudzanditengere. Ndakudikirani mvula zonsezi. Tsiku lija ndinaizungulira kufuna pokhala ine, ndinapeza chishalo chimodzi basi. Nanga ku Kakumbi ndikanapita bwanji, ndikuthamanga pambuyo panu?"