Mayi Simbi ndi Mnzawo wa Kuseri kwa Katani

Ambiri a inu mumawadziwa ndi dzina loti Mayi Simbi, ndipo alipo ena mumpingo muno amene mpaka tsiku la maliro ankayesa kuti limenelo ndi dzina lawo laubatizo. Ayi ndithu. Linachokera pa simbi yositira, pakuti kwa zaka zambiri nsalu za paguwa ndi mikanjo ya ansembe zinkadutsa m'manja mwawo. Tikulemba za moyo wawo kuti ana athu adziwe kuti oyera mtima sachita kugwa kumwamba. Amakhala nafe pompano, ena mpaka timawajeda.

Anali mwana wachisamba m'banja la ana ambiri. Bambo awo ankasoka nsapato pakhonde la sitolo, mayi awo ankachapira anthu zovala. Sukulu anaisiyira panjira kuti azing'ono awo apitirize, ndipo sanadandaulepo poyera. Atakula anakwatiwa ndi kalipentala wina wofatsa, koma ukwati sunakalambe. Bamboyo anagwa padenga ali pantchito n'kumwalira, kuwasiyira ana atatu. Mayi Simbi analowa ntchito m'chipinda chochapira cha hotela ina, chipinda chopanda zenera, chodzaza nthunzi ndi fungo la sopo. Kolona sinkachoka m'thumba la epuloni yawo. Komatu tisawasandutse mngelo: pakamwa panali pakuthwa. Amayi a kwaya akapinda nsalu mwachisawawa ankamva zowawa. "Makwinya ukawasiya lero, mawa abereka anzawo," ankatero.

Kenako kunabwera nthenda ya kachilombo ija, yobanikitsa, imene inatilanda abale ambiri. Mayi Simbi inawagwira imvi zitayamba kale. Anawagoneka m'chipinda chachitali cha chipatala, momwe bedi lililonse linali lotchingidwa ndi katani yobiriwira. Abale sankaloledwa kulowa. Anamwino ankavala zophimba thupi lonse, ongooneka maso okha. Ponseponse pankamveka kutsokomola ndi kulira kwa mabotolo a mpweya.

Tsiku lina, mantha atawakwana, anatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera monong'ona. Mukudziwa mmene timachitira: wina amatsogolera theka la pemphero, ena n'kuyankha theka linalo. Atamaliza mbali yawo anapumira kaye, ndipo kuseri kwa katani kunamveka mawu a mayi wina akuyankha. Anali mawu osasa, odukiza pakati kuti akoke mpweya, koma anayankha mpaka kumapeto. Kuyambira tsikulo ankapemphera limodzi, Mayi Simbi akutsogolera, mnzawoyo akuyankha. Sanaonanepo nkhope. Ngakhale dzina sanafunsane, mpweya wochezera analibe.

Masana ena Mayi Simbi anatsogolera, koma kunali zii. Anabwerezanso. Zii. Kenako anamva matayala a kabedi koyenda akulira pasimenti. Katani itatsegulidwa anaona bedi lopanda munthu, wantchito akupukuta matiresi ndi mankhwala.

Mayi Simbi anachira. Pasanapite nthawi achipatala anapempha onse opulumuka kuti akapereke madzi a m'magazi awo, achikasu aja amene madokotala amati plazima, pofuna kuthandizira odwala ena. Mayi Simbi anali m'gulu la oyamba. Chipinda choperekeramo chinali choyera mbee, chozizira, chokhala ndi mipando yotsamira ndi makina ong'ung'uza. Makinawo ankakoka magazi, n'kupatula madziwo m'kathumba, n'kubwezera magazi otsala m'thupi, moti mkono unkazizira ngati wa munthu wina. Dzanja limodzi linafinya kampira, linalo linagwira kolona. Ananong'ona theka lawo la pemphero. Ndipo mkati mwa kung'ung'uza kwa makina, mawu osasa aja anayankha, akudukiza pamalo pomwe paja.

Anacheuka. Kumanja kunali khoma, kumanzere bambo wina akuwodzera.

Mawuwo anawatsatira kunyumba. Ankabwera dzuwa likuswa mtengo, m'kulira kwa nthunzi ya simbi, m'madzi otuluka pampope. Sankanena china chilichonse, ankangoyankha pemphero, ngakhale Mayi Simbi atangoliganizira mumtima. Anayamba kuopa kolona yawo yomwe, mpaka anaitsekera m'kabati. Chakudya chinasiya kulowa. Tsiku lina anaima du, akumvetsera, simbi ili pansalu ya paguwa, mpaka inapsa n'kusiya chibowo. Mayi amene sanapserezepo ngakhale kampango! Ife tinangoti ndi ukalamba, ndipo ena tinasekako. Mulungu atikhululukire.

Mwana wawo wamkazi ndiye anaona kuti zinthu sizili bwino.

"Amayi, zomakapereka magazi kuchipatala kuja musiye. Taonani mmene mwathera. Mwachira, nanga mukufunanso chiyani kumeneko?"

"Iwe, zisiye. Magaziwa ndi anga."

Mayi Simbi atakaulula za mawuwo kwa ansembe, iwo anawapempherera, kenako anati akaonane ndi aphungu a kuchipatala, othandiza anthu ovutika maganizo. Mayi Simbi anadzuka. "Abambo, nanunso mwayamba kundiona ngati wozungulira mutu?" Anatuluka osatsanzika.

Chimene sanauze munthu chinali ichi. Mumtima mwawo ankakhulupirira kuti mayi uja anamupha ndi iwowo. Munthu mpweya wake unali wochepa kale, iwo n'kumamuyankhitsa mapemphero tsiku ndi tsiku mpaka unatha. Ndiye ankati mawuwo akubwera kudzawaimba mlandu. N'chifukwa chake nthawi iliyonse imene achipatala ankawalola, ankabwerera pampando uja, akuopa, koma osatha kuleka.

Bambo wa mpando wakumanzere uja anali dalaivala wa basi, chimunthu chanthabwala, chokonda kuseka anamwino kuti akumukama ngati ng'ombe. Tsiku lina nthabwala zinamuthera pakamwa. Mayi Simbi atayang'ana anaona misozi ikutsikira m'khutu mwake.

"Achimwene, singano ikupweteka?"

"Ayi, mayi. Kungoti ndikaponda mabuleki, kaphokoso kaja ndimamva ngati botolo la mpweya. Ndimaimika basi pambali, manja ali njenjenje. Okwera amati ndaledzera. Kunyumba amangoti thokoza Mulungu, unachira."

"Nanunso?" anatero Mayi Simbi. Ndipo zonse zinakhuthuka, za katani, za mawu, za mlandu wawo.

Namwino amene ankayang'anira makina anali ataima chilili. Anali mayi wachikulire, wa maso otopa. Anayandikira pang'onopang'ono.

"Mayi, nkhope yanu sindinaizindikire, koma mawu anuwo ndikuwadziwa. Ndinkagwira ntchito m'chipinda chija. Munali pabedi loyandikana ndi khomo."

"Ndiye mukudziwa kuti ndinam'malizira mpweya mnzanga."

"Ayi! Mayi aja tinafuna kuwasamutsira chipinda china, anakana kwamtuwagalu. Anati, musandichotse pano, pano ndili ndi mnzanga. Ankabanika kwambiri ndi mantha, koma mukayamba kupemphera mtima wawo unkakhazikika, ife tinkaona pamakina. Nthenda inali itawadya kale. Chimene munawapatsa inu n'chakuti sanafe okha."

Mayi Simbi analira mokweza ngati pamaliro, ndipo analidi maliro, amene anachedwa kulira. Dalaivala uja, mkono wina uli ndi singano, anatambasula winawo n'kuwagwira phewa.

Panja pa chipindacho panali benchi pomwe opereka magazi ankapumira asanapite kwawo. Kale aliyense ankamwa chakumwa chake mwakachetechete n'kunyamuka. Mayi Simbi anayamba kutsalira pamenepo, n'kumafunsa aliyense funso limene panalibe amene ankawafunsa: "Thupi lachira, nanga mtima?" Anapezeka ambiri. Mphunzitsi wina ankasamba m'manja mpaka khungu kung'ambika. Mayi wina sankatha kukhala m'chipinda chotseka chitseko. Aphungu aja, amene Mayi Simbi anawakana poyamba, anapita kukawaitana okha, ndipo iwo ndiwo anali oyamba kukhala nawo pansi. "Kachilombo kamasamuka m'thupi, koma kamasiya katundu wake mumtima," ankatero. Gululo likukumanabe mpaka lero m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi chathu, ndipo aliyense wolemedwa maganizo ndi wolandiridwa.

Kolona inatuluka m'kabati. Kodi mawu aja anasiya? Sanasiye. Ankabwera mwa apo ndi apo mpaka ukalamba wawo, koma sankawaopanso. Wina akafunsa, ankayankha moseka: "Aphungu akuti ndi mutu wanga, abambo akuti tisiyire Mulungu. Ine zokangana ndilibe nazo nthawi."

Anakalamba bwino, miyendo n'kuyamba kukana, maso n'kuchita chidima. Mmawa wa tsiku lawo lomaliza, atalandira masakramenti, mwana wawo wamkazi uja anakhala pambali pa bedi. Anaona mayi ake atapendeketsa mutu ngati akumvetsera. Kenako ananena theka lachiwiri la pemphero. Anakhala chete kanthawi, n'kunenanso theka lachiwiri lomwelo. M'chipindamo munalibe munthu wina, koma iwo ankadikira, n'kuyankha, kudikira, n'kuyankha.

"Amayi, mukuyankha ndani?"

Mayi Simbi anamwetulira, maso ali otseka.

"Lero akutsogolera ndi mnzanga uja. Tamva mmene akukokera, osadukiza n'komwe. Mpweya ali nawo wambiri tsopano."

Anayankhanso kangapo, mawu akucheperachepera, mpaka pamene mwanayo anadikira yankho lotsatira koma silinabwere. Ambuye awalandire onse awiri mu mtendere wawo.