Manambala Atatu Pambuyo pa Sekondi

Pa chipatala cha maso chija ankawatchula kuti a Juzi, chifukwa kunja kutenthe bwanji, iwo juzi sinkachoka m'thupi. Kachipinda kawo kanali kuseri kwa chipinda chosungira mankhwala, kopanda zenera, ndipo makina oziziritsa seva, kompyuta yaikulu ya chipatalacho imene iwo ankaisamalira, ankawapemerera pamsana tsiku lonse. Anakhalamo zaka khumi ndi zinayi. Pulogalamu yosungitsira malo kwa dokotala anaipanga okha, ndipo ankainyadira ngati mwana wachisamba.

Mavuto ankabwera Lolemba. Ikakwana eyiti koloko malo a sabata yonse ankatsegulidwa, anthu n'kuyamba kulimbirana, ena pa webusaiti, ena pa windo la mayi olembera odwala. Mwa apo ndi apo odwala awiri ankapezeka apatsidwa nthawi imodzi. A Juzi ankatsegula malogi, kaundula amene seva imalembamo chilichonse chimene yalandira. Za pa windo zinali ndi logi yake, za pa webusaiti yakenso, ndipo monsemo nthawi inkathera pa sekondi: uku 08:00:07, ukonso 08:00:07. Woyamba ndani, sizinkaoneka. Koma a Juzi sankakayika.

"Achemwali, mumalemba pamalo poti patengedwa kale. Makina sanama."

"Sanama chifukwa alibe pakamwa," mayiwo ankatero. "Akanakhala napo, achimwene, bwenzi mutamva zanu."

Anthu ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Masana anzawo akapita kukadya, mayiwo ankatsala pa windo ndi foni yawoyawo, kuimbira odwala mmodzimmodzi, kupepesa, kutukwanidwa, kuwapezera tsiku lina. Ntchito imeneyi palibe anawatuma, palibenso anaiona ngati ntchito. Chimene abwana anaona ndi madandaulo, ndipo anawalembera makalata awiri owachenjeza. Yachitatu ikanakhala yowachotsa ntchito.

A Juzi sanasinthe malogi chifukwa cha mayiwo ayi. Dokotala wina anadandaula kuti webusaiti ikuchedwa, ndiye iwo anafuna kuyeza kuchedwako. Lachisanu anasintha mzere umodzi m'fayilo kuti seva izilembanso mamilisekondi, timagawo chikwi ta sekondi imodzi. Anamaliza ntchitoyo tiyi wawo asanazizire.

Lolemba lotsatira odwala anawombananso, katatu. Abwana anasuzumira pakhomo.

"A Juzi, ndisindikizireni umboni uja. Mayi aja ndatopa nawo."

Anatsegula malogi. Pa windo: 08:00:07.112. Pa webusaiti: 08:00:07.468. Anapukuta magalasi n'kuyang'ananso. Mayiwo ndiwo anayamba. Kachiwiri, iwonso. Kachitatu, iwonso. Pulogalamu ya a Juzi ija inkatenga pafupifupi theka la sekondi isanatseke malo amene atengedwa, ndipo pa kampata kameneko wa pa webusaiti ankalowa ngati mbuzi pa mpanda wothyoka.

M'kachipinda kozizirako a Juzi anatuluka thukuta. Kudula manambala atatu akumapetowo kunali kosavuta, ndipo anadula. Pepala linatuluka loyera bwino, masekondi okhaokha, ngati lakale. Analigwira nthawi yaitali. Kenako analipinda, n'kusindikiza lina lathunthu.

Anawapeza mayiwo ali okha pa windo, foni ili kukhutu, chakudya chawo chili chosatsegula pambali.

"Pepani kwambiri bambo, ndi ine ndinalakwitsa. Lachinayi mungakwanitse? Eya, ndikudziwa kuti n'kutali."

Atadula foni, a Juzi anaika pepala patebulo n'kuloza ndi chala.

"Achemwali, onani apa. Inu ndinu munayamba. Katatu konse. Mwina ndi kale lomwe."

Mayiwo anayang'ana manambalawo, kenako anayang'ana a Juzi.

"Ndiye timadontho timeneti munatigula kuti? Tinachokera kunja pa sitima?"

"Tinalimo kale. Kunali kungotiyatsa."

"Zinakutengerani masiku angati?"

A Juzi anayang'ana pansi. "Mphindi zisanu."

Mayiwo sanakalipe, ndipo a Juzi akanakonda akanakalipa. Anangokankhira pepalalo kwa mwini wake.

"Musandionetse ine, achimwene. Ine ndinkadziwa, zala ndi zanga. Kaonetseni amene amalemba makalata. Ndatsala ndi anthu awiri oti ndiwaimbire."

Kanjira kopita ku ofesi ya abwana n'kakafupi, koma tsiku limenelo kanatalika. Abwana anawerenga, a Juzi akufotokoza.

"Mukutanthauza kuti zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira munthu wosalakwa?"

"Pa mawu anga, bwana. Kalata ya lero ikhale yanga."

Abwana anatsegula kabati, natulutsa fayilo ya mayiwo, n'kusolola makalata awiri aja.

"Awa mukawapatse nokha. Ine nkhope yopitira nayo kumeneko ndilibe."

A Juzi anawalandira ndi manja awiri. Nawonso nkhope analibe, koma anapita.