Pepala la Imfa ya Limbani

Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Chipata n'kuima pa Nyimba anamuonapo Agnesi, ngakhale sangamukumbukire. Ndi mmodzi wa amayi aja amene amathamangira basi atasenza beseni la nthochi. Iye sakuwa ngati anzake. Amangoima pansi pa windo n'kumakuyang'ana mpaka uchite manyazi, ugule. Anabadwira ku Ukwimi, kumene makolo ake anafikira pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma iwo anatsala n'kupeza munda cha kwa Nyalugwe. Kumeneko Agnesi anakwatiwa ndi Limbani Phiri, mwana wa banja lina lotsala, ukwati wa m'tchalitchi cha Katolika, wa mphete ndi kwaya yomwe. Anabereka mwana wamkazi, Takondwa.

Limbani anali mlimi m'dzinja, msodzi m'chilimwe. Chaka china anatsikira ku Luangwa ndi mnzake Tomasi kukatchera ukonde pamalo amene oyang'anira nyama analetsa. Ng'ona inamugwira ali m'madzi olekeza m'chiuno. Tomasi anangoona dzanja likutuluka kamodzi, basi. Amuna a m'mudzi anasakasaka m'mbali mwa mtsinje osapeza ngakhale malaya. Pomaliza anachita zimene anthu amachita mtembo ukasowa: anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu n'kuliika m'manda.

Ku polisi sanapiteko. Anthu okulira mumsasa wa othawa nkhondo ali ndi lamulo lawo, lakuti wobwera sadzipereka yekha ku boma. Akuluakulu anati akapita, onse akafunsidwa zitupa, ndipo Tomasi akamangidwa chifukwa cha ukonde. Motero imfa ya Limbani inadziwika kwa mudzi wonse, kwa Mulungu ndi kwa ng'ona, koma boma silinamve kanthu.

Tomasi anayamba ndi kufolera nyumba ya mkazi wamasiyeyo. Kenako ankamunyamulira nthochi panjinga mpaka ku msewu. Zaka zitapitapo anasamukira limodzi ku Nyimba, ndipo anthu analankhula monga amalankhulira, mpaka anatopa okha. Kunabadwa ana ena awiri. Koma tchalitchi sichitopa. Mkazi wokhala ndi mwamuna popanda ukwati wodalitsidwa salandira Ukaristia, choncho Lamulungu lililonse anthu akamaima pamzere, Agnesi ankapinda miyendo kuti adutse. Ankasesa m'tchalitchi, ankachapa nsalu za paguwa, koma paguwapo ankangopaonera pabenchi. Si munthu woulula zamumtima, koma zimenezi zinkamuwawa kwambiri, makamaka Takondwa atayamba kulandira n'kumabwerera pamalo pake atazyolika kuti asakumane maso ndi mayi ake.

Chaka chimene wansembe watsopano analengeza kuti adalitsa maukwati a onse ongokhalirana, Agnesi ndi Tomasi anali oyamba kukagogoda. Wansembeyo anamva kuti panali ukwati woyamba, anaika cholembera pansi.

"Amuna anu oyamba ali kuti, amai?"

"Anamwalila, abambo."

"Bwelani ndi setifiketi ya imfa yawo."

"Abambo, ndinaliko ine," anatero Tomasi. "Ndinaona na maso anga."

"Sindikukana, aTomasi. Koma inu ndinu mkwati. Mkwati sangakhale mboni yekha pa imfa ya mwini mkazi."

Agnesi anaganiza kuti ndi nkhani ya m'mawa umodzi. Anasiyira mnzake Yvonne beseni n'kupita ku khonsolo, kumene amalemba zilolezo zoikira maliro. Kalaliki wake anali mayi wa magalasi, waulemu wake, amene anatsitsa buku la chaka chija n'kulipukuta fumbi. Anayendetsa chala tsamba ndi tsamba. Anafunsa ngati kumudziko anatenga chilolezo, ndipo atamva kuti ayi, anamutumiza ku chipatala. Ku chipatala anafunsa ngati mtembo unafika kumeneko. Ku polisi anafunsa ngati panabwera munthu kudzanena. Kulikonse anamupatsa mpando, kulikonse anatsegula buku, ndipo palibe amene anamukalipira. Analibe chomupatsa basi, poti buku limabweza zimene unalipatsa.

Sukulu anaisiyira panjira, koma maina amawerenga. M'mabukuwo anakumana ndi anthu ambiri owadziwa: mphunzitsi wake wa katekisimu, dalaivala wa minibasi amene ankamuseka kufupika, makanda a anzake a pamsika. Ku chipatala anapezanso Limbani Phiri wina, womwalira ndi chifuwa chaka chomwecho, zaka zake zosasiyana kwenikweni. Atamufotokozera Yvonne, mnzakeyo anawomba m'manja.

"Manje uyembekeza chani? Dzina ni lomwelo, chaka ni chomwecho. Tenga uyo chabe!"

"Iyai. Siningapite ku guwa na mtembo wa eni."

Yvonne anamutcha wopusa, ndipo mwina ambiri a ife tikanatero.

Otsala anali maofesi a ku Petauke, kumene amalemba obadwa ndi omwalira. Ulendo woyamba anapeza womuthandiza atapita ku msonkhano, anauzidwa kuti abwere mailo, ndiye kuti mawa. Ulendo wina anamupeza, bambo wa dazi dzina lake aDaka, amene anamvetsera nkhani yonse osamudula.

"Nanga m'manda munaikamo chani?" anafunsa aDaka.

Agnesi anayang'ana pansi. "Nthochi."

ADaka sanaseke. Zikuoneka kuti Agnesi sanali woyamba wa ku Luangwa kukhala pampandopo.

"Amai, boma silingalembe imfa ya nthochi. Koma njila iliko. Zaka zapita zambili, ndiye nkhani iyi ni ya ku khoti. Amene anaona akalumbile. Pafunikanso wachibale wa magazi, akavomele kuti munthuyo anamwalila. Khoti ikakamba, ife tilemba."

Wachibale wa magazi woti n'kulumbira analipo mmodzi yekha, poti Takondwa anali akadali mwana. Bambo a Limbani anali atamwalira kale, mlongo wake anakwatiwa ku Tete n'kuzimiririka. Otsala anali mayi ake, amai Tasila, ndipo Agnesi atamva mawu a aDaka anadziwa kuti ulendo wake wagunda pamwala.

Amai Tasila si kuti anali ouma mtima. Anali ndi chifukwa. M'nthawi ya nkhondo asilikali anatenga amuna awo, aSimon, kukanyamula katundu, ndipo wina anabwera kudzanena kuti wawaona atagona m'mbali mwa njira. Amai Tasila analira maliro, anameta tsitsi, anawoloka malire ngati wamasiye, Limbani ali kumsana. Zaka zitapita, masana ena ku Ukwimi, anaona munthu wowonda akufunsa njira pachitsime. Anali aSimon. Anakhalanso limodzi mpaka ukalamba. Kuyambira pamenepo, kwa amai Tasila munthu wakufa ndi amene wamutseka maso ndi manja ako. Tsiku loika thunthu la nthochi iwo anatenga khasu n'kupita kudimba, ndipo palibe anawaona akugwetsa msozi.

Agnesi anapitabe. Anawapeza pakhonde akuswa mtedza, anagwada chapatali monga amachitira mpongozi, anapereka moni wautali. Kenako ananena chimene wabwerera.

"Munamuona imwe, amake Takondwa?" anafunsa gogoyo.

"Iyai, amai."

"Nanga ine nikalumbile chani pa Baibulo?"

"ATomasi anaona."

"Anaona dzanja. Uja anabwela kudzaniuza ine anaona thupi lonse, koma aSimon anabwela."

Agnesi sanatsutse. Anakokera lichero pafupi n'kuyamba kuthandiza kuswa. Patapita nthawi analankhula osadzutsa mutu.

"Amai, zaka zonsezi sinilandila. Nili na njala."

Gogoyo anapitiriza kuswa mtedza. Iwo ankalandira Lamulungu lililonse, ndipo ankadziwa njala imene ikunenedwa. Anamaliza mtedza, anamuthirira wina pansalu kuti akapatse ana, n'kumuperekeza mpaka pampanda. Agnesi anabwerera ku Nyimba, anatenganso beseni lake. Maukwati a anzake anadalitsidwa iye ali pabenchi, ndipo nsalu zimene zinali paguwa tsikulo anachapa ndi iye.

Mvula itayandikira, m'mawa wina lole ya thonje inaima pamsika, ndipo anthu anatsitsa gogo wovala chitenje cha tchalitchi ndi nsapato za pulasitiki. Anayenda molunjika kumene kunali mabeseni.

"Tiyeni ku Petauke," anatero amai Tasila. "Nakalamba ine. Nikafa, azakumasulani ndani?"

Sanapite tsiku lomwelo, poti khoti lili ndi masiku ake. Gogoyo anakhala kwa Agnesi kudikira, akudya chakudya cha m'nyumba ya Tomasi, amene iwo ankamulankhula mwaulemu ngati mlendo wokumana naye m'basi. Za Limbani sanatchule.

Tsiku litafika, Tomasi analumbira poyamba. Thukuta lili kamukamu, ananena zonse, ndi za malo oletsedwa zomwe, akudikira kuti wapolisi wa pakhomo amugwire mkono. Woweruza anangolemba, osadzutsa ngakhale maso. Chinthu chimene mudzi wonse unachibisa zaka zonsezo chinatenga mzere umodzi papepala.

Kenako anaitana amai Tasila. Anagwira Baibulo ndi manja onse awiri. Anafunsidwa ngati anamuonapo mwana wawo chipitireni ku mtsinje, anati iyai. Anafunsidwa ngati anamvapo mbiri yake, kaya ku Tete, kaya ku Lusaka, anati iyai.

"Ndiye amai, mukuvomela kuti mwana wanu Limbani Phiri anamwalila?"

Gogoyo anakhala chete. Womasulira anaganiza kuti sanamve, anabwereza m'Chinsenga. Iwo anangoyang'ana kukhomo, kumene anthu ankalowa ndi kutuluka. Agnesi anamva chisoni chachikulu, moti anafuna kuimirira n'kunena kuti basi, asiyeni. Asanatero, gogoyo anayankha.

"Anamwalila."

Anawapaka inki pachala, anadinda. Kalaliki anauza Agnesi kuti zatheka, mapepala apita kumene ayenera kupita, setifiketi ituluka. Agnesi anathokoza. Ankayembekeza kuti akondwa, ndipo pang'ono anakondwadi.

Panja dzuwa linali pamutu. Pabwalo panali anthu odikira milandu yawo, mayi wogulitsa zitumbuwa ndi njinga zotsamira mtengo. Amai Tasila anayenda mpaka pakati pa bwalolo, anavula nsapato, anakhala pansi pafumbi n'kutambasula miyendo. Anaika manja kumutu. Kenako anayamba kulira, osati kusisima ayi, koma kubuma kwenikweni kwa pamaliro, kotchula dzina, kofunsa mwana chifukwa chake wasiya mayi ake m'dziko la eni.

Wapolisi anayandikira, anaima, anabwerera. Tomasi anavula chipewa n'kukakhala patali, kumene amuna amakhala. Agnesi anamanga chitenje m'chiuno, anakhala pansi pambali pa apongozi ake, nayenso anayamba. Maliro n'kulirana. Mayi wa zitumbuwa anavundikira ndowa yake n'kubwera, ena awiri anachoka pamzere, ndipo posakhalitsa panali kagulu ka amayi osadziwana atakhala pafumbi.

Kulira kutatsika pang'ono, mmodzi wa iwo anaweramira kwa Agnesi n'kunong'ona.

"Pepani, amai. Ni ndani watisiya?"

"Mwana wawo."

"Wamwalila liti?"

Agnesi anayang'ana chala cha gogoyo, chimene chinali chikadali ndi inki.

"Lelo," anatero.