Chipwitikizi changa cha pamsika

Kampani yathu ya nzimbe ku Chikwawa ili ndi nthambi ina ku Mozambique. Itagula mapampu atsopano othirira, inatitumizira injiniya wa kumeneko, mayi Amelia, kuti adzatiphunzitse kagwiritsidwe kake. Abwana atafunsa amene amadziwa Chipwitikizi, ine ndinakweza mkono. Ndinkangofuna kuoneka. Chipwitikizi changa chinali cha pamsika wa ku Marka, kumalire ndi Mozambique: moni, zikomo ndi kunenerera nsomba.

Titafika pamakinawo m'mbali mwa Shire, mayiwo analankhula m'Chipwitikizi nthawi yaitali akuloza uku ndi uku. Atamaliza, anzanga onse anatembenukira kwa ine. Thukuta lili kamukamu, ndinati, "Akuti makinawa ndi odula, tiziwasamala."

Mayi Amelia anandiyang'ana, kenako anandiitanira pambali ngati akundionetsa waya.

"M'bale wanga," anatero m'Chisena chosalala, chilankhulo chakwathu, "ine kwathu ndi ku Mutarara, kwa Asena. Ndanena kuti musalize pampu mulibe madzi, ingapse. Mukamasuliranso chonchi, tiwotcha makina."

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Koma iwo sanandiulule. Anabwerera kwa gulu n'kunena kuti achipukwa Chisena, choncho aziphunzitsa m'Chisenamo, ine ndizimasulira m'Chichewa kwa amene sachimva. Imeneyo ndiye ndinaikwanitsa, ndipo mapampuwo ndinawadziwa bwino kuposa mmene ndinkayembekezera.

Tsiku lotsanzikana, abwana anandiyamikira pagulu kuti ndine katswiri wa zilankhulo. Mayi Amelia anawomba m'manja kuposa aliyense, atadziluma mlomo kuti asaseke. Powanyamulira chikwama kupita kugalimoto, ndinangowathokoza m'Chisena monong'ona kuti, "Takhuta, mai."