Fayilo ya Chingwe Choyera

Ndinawatayipira Abwana makalata zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndiye wina asandiuze kuti anali munthu wotani. Anali loya, kenako phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Mumzinda monse ankadziwika kuti a Pensulo, chifukwa cholembera cha inki ankachigwira posaina pokha. Ankati loya wosafufuta ndi wabodza. Ine ankanditcha Mayi Taipi, ngakhale pamene makina otayipira aja tinawataya n'kubweretsa kompyuta.

Ofesi yathu inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo fungo la mphira linkatilowa mpaka m'zovala. Pakhonde panali benchi lalitali. Pamenepo pankakhala anthu oti loya wina sakanawapatsa ngakhale mpando: akazi amasiye olandidwa nyumba, antchito ochotsedwa popanda chifukwa, makolo a ana otsekeredwa. Abwana anali aukali, iii, musanene. Ndikalakwitsa liwu limodzi ankandiponyera pepala patebulo, ine n'kuwabwezera kuti, "Kulemba kwanuku ngati papalasa nkhuku, nanga ndilote?" Ankaseka mpaka kutsokomola. Koma munthu wa pabenchi sanamukalipirepo.

Anali ndi kachitidwe kawo. Fayilo ya mlandu wosatha ankaimanga ndi chingwe choyera. Mlandu ukatha, ankamasula okha n'kumanga chakuda. Palibe wina ankaloledwa kusintha chingwe, ngakhale ine.

Mlandu wa mlonda uja unatipeza zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Mlondayo ankalondera nyumba yosungiramo katundu, ndipo akuba atathyola, anamangidwa iye. Anakhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi akungodikira kuti mlandu wake uzengedwe. Utazengedwa anamugamula zaka khumi ndi ziwiri, kuwerenga kuyambira tsiku la chigamulolo, ngati kuti zaka zodikira zija ankazidyera kwa amalume ake. Mkazi wake, mayi wochapa zovala m'nyumba za anthu, ndiye anakwera masitepe athu atagwira kapepala ka apolisi kosonyeza tsiku limene mwamuna wake anamangidwa. Kunalibenso kena. Mabuku akale a kukhoti anali atadyedwa ndi chiswe.

Abwana anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali, pensulo ili kukamwa. Kenako anati, "Mayi, mlandu uwu sindiugonera."

Chaka chotsatira anasankhidwa kukhala phungu, ndipo fayiloyo anapita nayo. Zaka zitatu ankaimirira m'Nyumba ya Malamulo ataitukula m'mwamba, akukalipa kuti zaka zimene munthu wadikira m'ndende zizichotsedwa pa chilango chake. Anzawo ankawaseka, ena ankawakuwiza. Iwo osabwerera. Lamulo linadutsa, ndipo anthu mazanamazana akugona m'nyumba zawo lero chifukwa cha a Pensulo. Zimenezi ndimazinena monyadira, ndipo ndidzazinena mpaka kumanda.

Koma lamulolo linkathandiza okhawo ogamulidwa litadutsa kale. Mlonda uja ankafunika apilo yakeyake, kalata yopempha khoti lalikulu kuti liwerengenso zaka zake, kapepala ka apolisi kaja kali pamwamba. Fayilo sinabwerere ku ofesi.

Lolemba loyamba la mwezi uliwonse mkazi wa mlonda ankabwera n'kukhala kumapeto kwa benchi, manja ake osuwa ndi sopo ali pamiyendo.

"Achemwali, Abwana atipo chiyani?"

"Ali kumsonkhano, mayi. Akuidziwa nkhani yanu."

Ndinawakumbutsa kangapo. Ankagwira mutu n'kunena kuti, "Mawa, Mayi Taipi, mawa ndibwera nayo." Kenako kunkabwera lamulo lina, ulendo wina, maliro a wakutiwakuti. Atayamba kudwala shuga ndinasiya kufunsa, poti ndinkawamvera chisoni. Pamenepo ndiye ndinalakwa ine, sindikana. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo azengerezu tinalipo awiri.

Abwana anamwalira mwezi wathawu, Lachitatu masana, akumanga zingwe za nsapato kuti apite ku komiti. Ndinalira ngati ndataya bambo wondibala. Titaika maliro ndinasakasaka fayilo ija paliponse: m'makabati, m'galimoto, m'chipinda chawo chowerengera kunyumba. Osaipeza. Usiku ndinkangotembenuka, chifukwa popanda kapepala kaja mlondayo akanatha zaka zina zinayi ali mkati.

Kenako kunabwera kalata yondiitanira ku mwambo wowakumbukira ku Nyumba ya Malamulo. Anati ine, monga wantchito wawo wakalekale, ndikavundukule chikumbutso. Ndinamutenga mkazi wa mlonda, ndinati akamveko zabwino za munthu amene ankamudikira. Pageti anafuna kumubweza chifukwa cha patapata amene anavala, ine ndinati ndi mng'ono wanga, akamubweza nanenso ndibwerera.

M'holomo munali maluwa ndi chithunzi chachikulu cha Abwana, chimene anachikonza mpaka kuwachotsa makwinya onse. Analankhula aphungu, ngakhale aja ankawakuwiza. Analankhula woweruza wopuma pantchito. Onse ananena zoona, ndipo ine ndinkangopukuta misozi. Pomaliza wotsogolera mwambo anandiitana. Ndinapita kutsogolo n'kukoka nsalu.

Linali bokosi lagalasi. Mkati mwake munali fayilo ija, itagonekedwa pansalu yofiira, pansi pake atalemba kuti ndiyo inabala lamulo. Ogwira ntchito anaipeza mu desiki yawo ya m'Nyumbamo. Anthu anaomba m'manja. Ine maso anali pachingwe. Chinali chitada ndi thukuta la m'manja mwawo, koma chinali choyera chomwe chija.

Anandipatsa maikolofoni kuti ndinene mawu awiri othokoza.

"Akuluakulu, pepani," ndinatero. "Abwana akamaliza mlandu ankamanga chingwe chakuda. Ichi n'choyera. Mwini fayiloyi akadali m'ndende, ndipo mkazi wake ndi uyo wakhala kumbuyoyo. Ndikupempha kiyi."

Wotsogolera mwambo anandinong'oneza kuti, "Mayi, si nthawi yake ino, musawachititse manyazi malemu." Manyazi? Ine amene ndinkawasokera mabatani a jekete asanalowe m'khoti? Ndisanamuyankhe, mayi akunyumba kwa Abwana anadzuka pampando wakutsogolo, atavala zakuda. Sanakweze mawu.

"Tsegulani. Bambo sankakonda zinthu zotsekera m'magalasi."

Kiyi anamusaka mphindi khumi, anthu akuyang'anizana. Nditamasula chingwe, kapepala ka apolisi kanalimo, katafiira m'mphepete. Pamwamba pake panali masamba anayi olembedwa ndi pensulo, kulemba kwa nkhuku kuja. Inali apilo yonse, yathunthu, yofufutidwafufutidwa. Pakona analemba kuti, "Mayi Taipi, mawa m'mawa." Tsiku lake linali la sabata imene lamulo linadutsa, zaka zinayi zapitazo.

Ndinawerengetsa pa zala ndili chiimire. Masamba amenewo akanandifika, mlondayo akanatuluka zaka ziwiri zapitazo. Ndinawakwiyira Abwana kuposa tsiku lina lililonse, komanso ndinawasowa kwambiri.

Madzulo omwewo ndinatayipa, mkazi wa mlonda atakhala pambali panga. Sindinalakwitse liwu ngakhale limodzi, koma wondiponyera pepala kunalibe. Loya wa ofesi yoyandikana nafe anasaina, ndipo m'mawa mwake tinakapereka kukhoti. Akuti tidikire tsiku. Fayilo ndaiika pa tebulo langa, ndipo chingwe ndamanga chomwe chija.

Potsika masitepe a kukhoti, mkazi wa mlonda anandigwira mkono. Loweruka ndi tsiku limene amakaona mwamuna wake.

"Achemwali, ndikamuuze chiyani? Iye anamva pa wailesi kuti Abwana anamwalira. Analira, akuti yekhayo ndiye ankamukumbukira."

"Mukamuuze kuti kalata yake yalowa."

"Akandifunsa kuti walemba ndani?"

"Abwana."

Anaima pasitepe n'kundiyang'ana.

"Analemba liti?"

Iye anadikira pang'ono, monga anazolowera pabenchi paja, kenako anakonza mpango wake kumutu.

"Musavutike, achemwali. Tsikulo ndinaliona pakona pa tsamba lija. Sindikamuuza."