Ovaova Itafa

Ndinagwira ntchito ya njanji zaka zambiri pa kasiteshoni kena kunja kwa tauni, ndikugona ku Ndirande. Ntchito yanga inali yopatsa sitima chilolezo chonyamuka. Njanji yake ndi imodzi yokha, ndiye ina ikalowa, inzake iyenera kudikira.

Madalaivala tinkalankhula nawo pa wailesi ija timati ovaova. Yathu inafa nthawi ya mvula, mphezi itaomba mlongoti. Ndinalemba malipoti mpaka dzanja kuwawa. Bwana wathu ankangoti, "Mafoni mulibe kodi? Muziimbirana."

Tsiku lina masana panaima sitima ya katundu. Dalaivala wake anali bambo wina wa ku Nsanje wokhala ku Chilomoni, amene tinayamba naye ntchito limodzi. Ndinaimbira mnzanga wa siteshoni yotsatira kumufunsa kuti, "Ndiitumize?" Mawu ake ankadukaduka. Iye ananena kuti "musaitumize", koma chimene chinandifika ine ndi "itumize", foni n'kuduka. Ndinakweza mbendera yobiriwira, sitima n'kunyamuka.

Patapita kanthawi mnzanga uja anandiimbira. "Achimwene, injini ya okonza njanji yanyamuka kuno, ikubwera kwanuko. Yanuyo muigwirebe."

"Yapita kale," ndinatero.

Ndinadula foni. Kenako ndinayamba kuimbira dalaivala uja, koma foni yake sinkapezeka. Njanji ikalowa pakati pa mapiri aja netiweki kulibe, ndipo aliyense pa kampanipo ankadziwa zimenezo. Ndinaimba, ndinaimbanso. Ndinatola mbendera yofiira n'kuyamba kuthamanga m'njanji ngati wamisala, kuthamangitsa sitima imene sindinkaionanso. Phokoso la kugundana kwake linandipeza ndikuthamangabe.

Dalaivala anaiona injini ija atakhota kale pakona. Anamanga mabuleki onse, koma mabogi odzaza simenti pamtsetse sangoima. Mmodzi mwa okonza njanji anafera pomwepo. Dalaivala mnzangayo anamudula mwendo kuchipatala.

Ofufuza anabwera atatu, atavala majekete. Anandifunsa chifukwa chimene ndinatumizira sitima ndisanamve bwino yankho. Ndinavomera kuti ndinayenera kuimbanso, ndipo mpaka lero sindikana. Koma nditafunsa za ovaova, wamkulu wawo anatseka faelo.

"Bambo, sitinabwerere zimenezo."

Ntchito inatha sabata yomweyo.

Chaka chisanathe anabweretsa mawailesi atsopano, n'kumanga milongoti m'mapiri muja. Akuti tsopano mu ofesi muli batani loti ukangolidina, sitima imadziimira yokha kulikonse kumene ili. Potsegulira anakhoma matenti, kunali zakumwa, ndipo bwana wathu uja ndi amene anadula riboni. Ine ndinamvera pa wailesi ndili pa benchi langa mumsika wa Ndirande, pamene ndimagulitsa maloko ndi misomali.

Ku Chilomoni kwa dalaivala uja ndinachedwa kupitako, manyazi. Nditalimba mtima ndinawapeza bambo aja pakhonde, ndodo zili pambali. Akazi awo anandiyalira mpando osandiyang'ana kumaso. Ndinayamba kupepesa, koma iwo anandidula.

"Foni yanga anaipeza m'udzu," anatero. "Itafika pa netiweki inalira mauthenga okhaokha, onse akuti inu munandiimbira. Ndikudziwa kuti munayesa."

Anandifunsa ngati ndinamva za batani latsopano, ndinati ndinamva.

"Ndiye kuti zinalipo kalekale zinthu zimenezi?"

"Zinalipo, achimwene."

Anagwedeza mutu n'kuitana akazi awo kuti andipatse madzi. Mayi aja anatenga nthawi yaitali asanatuluke.